Magazi asonyeza Down syndrome? Imani kaye!

Takulandirani amayi, abambo, ndi inu apongozi mukuonera chapatali. Lero tikamba za magazi a mayi woyembekezera amene amaunikira ma chromosome a mwana, tinthu ta m'maselo tonyamula DNA, malangizo achibadwa ochokera kwa makolo. Si aja a ku sikelo oyeza HIV ndi chindoko ayi, awa ndi ena.

Mwachangu: munthu amakhala ndi ma chromosome 46, awiriawiri. Akakhala atatu m'malo mwa awiri pa nambala 21, ndiye vuto lobadwa nalo lotchedwa Down syndrome. Pa 18 ndi Edwards, pa 13 ndi Patau. Tapita.

Kuyezaku kulipo kwa mitundu itatu. Choyamba, mimba isanapitirire masabata 14 amayeza PAPP-A ndi hCG, zinthu zochokera ku nsengwa zopezeka m'magazi a mayi, n'kujambula kukhosi kwa mwana pa sikani. PAPP-A ikatsika, hCG n'kukwera, adokotala amakhala tcheru.

Chachiwiri, masabata 15 mpaka 20, amayeza zinthu zinayi m'magazi: AFP, hCG, estriol ndi inhibin A. Musavutike kuloweza.

Chachitatu ndi NIPT, kuyeza DNA ya mwana m'magazi a mayi, kuyambira masabata 10. Mu 1997 Dennis Lo ndi anzake ku Oxford anapeza tizidutswa ta DNA ya mwana m'magazi a mayi. Ndisanapitirize, dinani subscribe ndi kabelu kaja, n'zaulere.

Tsopano bodza limene limandiwawa: "Magazi anena, basi mwana ali nayo." Ayi! Magazi awa sagamula, amangowerengera mpata. Akalemba 1 mwa 100, ndiye kuti mwa amayi 100 a zotsatira ngati zanu, 99 ana awo alibe vutoli. Mwamva? 99! Koma munthu wayamba kale kulira, abale ayamba kale kulozana zala.

Wina ati, "Nanga NIPT si DNA ya mwana yeniyeni?" Apa ndiye tcherani khutu. Tizidutswa tija timachokera ku nsengwa, ndipo nthawi zina nsengwa imakhala ndi chromosome yowonjezera pomwe mwana alibe. Nthawi zina mimba inayamba ngati mapasa, mmodzi n'kuzimirira msanga, DNA yake n'kutsalira m'magazi. Pa Down syndrome NIPT ndi yakuthwa zedi, sindikukana, koma pa Patau, nambala 13 ija, nthawi zambiri imasonyeza vuto pomwe palibe, makamaka kwa amayi achitsikana.

Chotsimikiza ndi kutenga kachidutswa ka nsengwa, kapena madzi ozungulira mwana kuyambira masabata 15. Amalowetsa singano, ndipo pali kampata kakang'ono koti mupite padera, choncho musankha ndinu mutakambirana ndi adokotala.

Za singanoyo ndi vidiyo ya sabata yamawa. Mafunso lembani pansipa, koma chonde musatumize zotsatira zanu, ine si dokotala wanu.