Mwendo wa Mkulu wa Apakavalo ku Plas Newydd

Ndikulonjereni nonse amene mukumvetsera pologalamu ino, kaya muli kumudzi kapena kunja kuno ngati ine. Ndikulankhula kuchokera ku Bangor, kumpoto kwa Wales, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo lero ndikufuna kukamba za munthu amene anamwalira mu 1854 koma mwendo wake ndinauona ndi maso anga Loweruka lapitali.

Nditawoloka mlatho kupita pachilumba cha Anglesey, ndinafika ku Plas Newydd, nyumba yaikulu ya m'mphepete mwa madzi a Menai yomwe ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira nyumba ndi malo akale. Mwa zinthu zakale zimene amasunga kumeneko muli mwendo wamtengo wa Henry Paget, mkulu wa asilikali apakavalo a Britain, yemwe pa nthawi ya nkhondo ya ku Waterloo ankadziwika kuti Lord Uxbridge. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa alendo anzanga, chifukwa m'mawa uliwonse ndimagwada n'kuthandiza agogo ena kuvala mwendo wochita kupanga, ndipo ndimadziwa kuti sokosi ya pachitsa ikapindika pang'ono chabe, pofika madzulo pamakhala patatupa.

Paget anabadwa mu 1768, ndipo anatchuka mu Disembala 1808 ku Sahagún ndi ku Benavente m'dziko la Spain, kumene apakavalo ake anatchinjiriza asilikali a Britain otsogoleredwa ndi Sir John Moore pamene ankabwerera m'mbuyo kulowera ku doko la Corunna pothawa Afalansa. Kenaka anachita chinthu chimene kwathu chikanakhalitsa ankhoswe pansi kwa masabata: anasiya mkazi wake n'kutenga mkazi wa mng'ono wake wa Wellington, mkulu wa asilikali a Britain. Komabe mu 1815 anapatsidwa udindo wotsogolera apakavalo onse a Wellington yemweyo.

Pa 18 Juni chaka chimenecho, ku Waterloo m'dziko limene lero ndi Belgium, asilikali oyenda pansi a Napoleon, mtsogoleri wa France, atayandikira pakati pa mzere wa Angerezi, Paget anatsogolera yekha magulu awiri a apakavalo n'kuwabalalitsa. Vuto linali lakuti akavalo atayamba liwiro panalibenso wowabweza. Ambiri anapitirira mpaka pamizinga ya Afalansa, akavalo atatopa kale, ndipo anaphedwa kumeneko. Mwiniwake anadzavomereza pambuyo pake kuti analakwa kukhala patsogolo m'malo motsala kuti akonze gulu lothandiza. Chimenechi ndimamulemekeza nacho kuposa kulimba mtima kwake, pakuti akuluakulu ovomera kulakwa ndi osowa kulikonse.

Chakumadzulo, nkhondo ili pafupi kutha, chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya bondo lakumanja. Anamunyamulira m'nyumba ina m'mudzi wa Waterloo, ndipo madokotala anamudula mwendowo ali maso, popeza mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni anadzayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1840. Mwini nyumbayo, bambo Paris, anapempha mwendo wodukawo, naukwirira m'munda mwake, naikapo mwala wolembedwa, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankapita kukaona manda a mwendo. Pomva zimenezi ndinayamba ndaseka, koma kuseka kunatha nditakumbukira kuti apakavalo wamba amene anafa tsiku lomwelo anakwiriridwa m'maenje aakulu opanda dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Chiwalo chimodzi cha bwana chinapeza maliro amene matupi athunthu a anyamata ake sanawapeze.

Patangopita masabata ochepa Paget anakwezedwa kukhala Marquess of Anglesey, udindo waulemu wapamwamba kuposa umene anali nawo, ndipo mu 1817 anthu a kuno anamumangira chipilala cha mamita 27 ku Llanfairpwll, chomwe ndimachiona ndili m'basi. Mwendo umene anadzavala unali wa mtundu wopangidwa ndi James Potts wa ku London, ndipo mpaka lero umatchedwa mwendo wa Anglesey. Luso lake linali pa zingwe zolumikiza bondo ndi kakolo, zomwe zinkachititsa kuti bondo likapindika, chala cha phazi chizitukuka chokha, munthu osakwekwereza phazi kapena kupunthwa. Aliyense amene anayendapo pambali pa munthu wa mwendo woikirira, dzanja lili chire kuopa kuti agwa, akudziwa kuti ngozi yaikulu imakhala pa chala chimenecho. Ndi mwendo wotere Paget anapitiriza kukwera kavalo, anakhala woimira mfumu ku Ireland kawiri, mu 1828 komanso kuyambira mu 1830, ndipo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 39 chivulalireni.

Lolemba m'mawa ndinawaonetsa agogo aja chithunzi cha mwendowo pafoni yanga ndisanawaveke wawo. Anachiyang'anitsitsa, nandifunsa ngati mkati mwake munali chofewa chilichonse choteteza chitsa, ndipo ananena kuti akufuna kukadzionera okha nyengo ikayamba kufunda. Ndalemba kale pempho la galimoto yonyamula njinga ya olumala, ndipo tikapita ndidzakufotokozerani m'pologalamu yotsatira zimene iwo adzaone pa mwendowo.