Misomali ya Davide ndi Chala cha Mutombo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Amene muli kale pa depoti kudikira minibasi, amene mukukoleza mbaula, ndi inu amene mukuchokera ku ntchito ya usiku maso ali psuu, mtendere ukhale nanu.

Mawu athu m'mawa uno ali pa 1 Mafumu 8:17-19. Ndi tsiku lopereka kachisi kwa Mulungu. Solomo waimirira pamaso pa Aisraele onse, ndipo pakati pa chisangalalo chonsecho akukumbukira bambo ake amene anali atagona kale. Akuti Davide ndi amene anali ndi mtima womanga nyumbayi, koma Yehova anamuuza kuti anachita bwino kukhala ndi maganizo amenewo mumtima mwake, kungoti womanga sadzakhala iyeyo, adzakhala mwana wake.

Mawu amenewa ndawawerenga kambirimbiri koma sandilowabe bwinobwino. Kukana n'kukana basi. Ukafunsira mbeta n'kukuyankha kuti "mwachita bwino kundiganizira, koma ayi," umabwerera kwanu mutu uli pansi chimodzimodzi ndi amene wachita kuthamangitsidwa ndi agalu. Nanga Mulungu amamuyamikira chiyani munthu amene akumukaniza?

Amene wandithandiza kuwamva pang'ono mawu amenewa si m'busa ayi, ndi wosewera mpira wa basketball, malemu Dikembe Mutombo wa ku Congo.

Anabadwira ku Kinshasa pa 25 June 1966, m'banja la ana khumi. Bambo ake, a Samuel, anali mphunzitsi wamkulu. Mnyamatayu ankafuna udokotala, ndipo mu 1987 mwayi unamugwera: anapeza thandizo la USAID lokaphunzira pa yunivesite ya Georgetown ku Washington. Ananyamuka akudziona atavala chovala choyera, atabwerera kwawo kudzachiritsa anthu a mtundu wake. Vuto linali thupi lake. Kutalika kwake kunali mamita 2.18. Chitseko cha m'nyumba zathuzi chimathera pafupifupi pa mamita awiri, ndiye kuti akanabwera kudzacheza kwanu akanalowa chowerama ngati akulowa m'khola la nkhuku. Munthu wotere sangabisale pasukulu imene ili ndi timu ya basketball, ndipo kochi wa pa Georgetown, John Thompson, anamuika m'timu yake.

Udokotala unathera pomwepo. Mu 1991 anamaliza sukulu ndi maphunziro a zilankhulo ndi ukazembe, osati a zachipatala. Chaka chomwecho timu ya Denver Nuggets inamusankha, ali wachinayi pa osewera atsopano onse olowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America.

Tsono ntchito yake m'bwalo sinali yogoletsa kwambiri. Anali mlonda wa pansi pa nkhata imene amaponyeramo mpira kuti agoletse. Mdani akalumpha kuti aponye mpira, ankakumana ndi dzanja ngati chitseko cha nkhokwe, mpira n'kubwerera komwe wachokera. Ali pa koleji anatchingapo mipira 12 m'masewero amodzi. Mu NBA anatchinga mipira 3,289, ndipo womuposa ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria. Kanayi konse anamusankha kukhala wotchinga wopambana onse mu ligi. Akatchinga ankagwedeza chala chake chachitalicho pamaso pa mnzakeyo, monga amachitira agogo ukafuna kutsegula poto wa ndiwo nthawi isanakwane. Akuluakulu a ligi atati kumeneko n'kunyoza, iye sanasiye, anangotembenuka n'kumagwedezera chalacho anthu oonerera. Ine chimenechi chimandiseketsa mpaka lero.

Achinyamata okonda masewerowa amadziwa chithunzi cha mu May 1994. Denver inalowa m'mpikisano wa kumapeto kwa chaka ili ya nambala 8, yotsiriza, ndipo inakumana ndi Seattle SuperSonics, ya nambala 1, imene inapambana masewero 63 chaka chimenecho. Denver inagonja masewero awiri oyamba, aliyense n'kuti zatha. Inapambana atatu otsatizana. Zinali zisanachitikepo kuti timu ya nambala 8 itulutse ya nambala 1. Masewero otsiriza atatha, Mutombo anagwa chagada pansi, atagwira mpira ndi manja onse awiri pamwamba pa nkhope, pakamwa pali yasaa, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Anasewera zaka 18: Denver, Atlanta, Philadelphia, New Jersey, New York, Houston. Anafika mu fainolo kawiri, mu 2001 ndi 2003, ndipo kawiri konseko chikho chinamudutsa. Bondo linamusiyitsa mpira mu 2009 ali ndi zaka 42.

Pamene iye ankagwedeza chala ku America, kwawo kunali moto. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Congo linali pa nkhondo. Mayi ake, a Biamba Marie, anadwala sitiroko pa nthawi imene mumzinda munali chipwirikiti ndipo anthu ankaletsedwa kuyenda usiku. Sanafike nawo kuchipatala nthawi yake. Anamwalira.

Apa tiime kaye. Mwana amene ananyamuka pakhomo kuti akakhale dokotala, tsopano ali ndi ndalama zoti akhoza kulipira dokotala aliyense padziko lapansi, koma mayi ake akumwalira popanda wowagwira. Ndani wa ife amene mtima wake sukanamufunsa kuti, ndikanapanda kutengeka ndi mpirawu, bwenzi ndili pambali pawo? Funso limenelo ambiri tili nalo, kungoti aliyense ndi lake. Ndikanapanda kupita ku Joni. Ndikanapanda kusiya sukulu. Ndikanabwera Lachisanu m'malo mwa Lamlungu.

Ine ndinkafuna unamwino. Ndili Fomu 2 ndinali nditayamba kale kumanga zilonda za ana a m'mudzi ndi nsanza zowiritsa. Zotsatira za Fomu 4 zitatuluka, mapointi sanakwane. Ndinalembanso, sanakwanenso, ndipo ndalama zolembera kachitatu panalibe. Lero ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira. Tsiku lonse ndimayeza misomali pa sikelo: ya mainchesi atatu, ya mainchesi anayi, ya malata ija ya zipewa. Manja amada bii, ndipo madzulo zala zimanunkha dzimbiri ngakhale usambe ndi sopo. Namwino akalowa m'sitolo atavala yunifolomu kudzagula loko, kamtima kamandilasabe, ngakhale papita zaka zambiri. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene akulemba mawu a leroyu si munthu amene zake zinayenda.

N'chifukwa chake ndinadzidzimuka nditawerenga 1 Mbiri 22. Tonse timadziwa kuti Davide anakanizidwa. Pa 2 Samueli 7, mneneri Natani poyamba anamuuza kuti achite zonse zimene zili mumtima mwake, koma usiku womwewo Mulungu anamutuma kuti abwerere akasinthe mawu. Chifukwa chake Davide anadzachifotokoza yekha kwa Solomo: anali munthu wa nkhondo, anakhetsa magazi ambiri. Chimene sitiwerenga kawirikawiri ndi zimene anachita atakanizidwa. Sanakwiye n'kunena kuti ndiye amange okha tione. Anaika anthu osema miyala. Anaitanitsa mitengo ya mkungudza kuchokera kwa anthu a ku Sidoni ndi ku Turo. Anasonkhanitsa mkuwa wosatheka kuuyeza. Ndipo ndime 3 ikuti anakonza chitsulo chambiri cha misomali ya zitseko za pa zipata.

Misomali, abale anga! Mfumu yonse ija, wopha Goliati, woyimba masalimo, ukalamba wake anautha akusonkhanitsa misomali ya nyumba imene ankadziwa bwino kuti sadzapondamo. Ndinawerenga ndimeyi ndili kuntchito, pa nthawi ya nkhomaliro, sikelo ili pambali panga. Ndinatseka foni n'kukhala chete kanthawi.

Mutombo naye anasonkhanitsa misomali yake. Mu 1997 anakhazikitsa bungwe lake lothandiza anthu a ku Congo, ndipo anaika mtima pa kumanga chipatala ku Kinshasa. Sizinali za lero ndi mawa. Zaka zinapita akusewera mpira uku akupempha ndalama kwa anzake osewera nawo, kwa makampani, kwa aliyense womumvera, ndi mawu ake aja okhala ngati galimoto yokoka miyala. Ntchito yonse inadya madola 29 miliyoni, ndipo madola 15 miliyoni anatuluka m'thumba mwake. Apanso akufanana ndi Davide, amene pa 1 Mbiri 29 anawonjezera golide ndi siliva wa chuma chakechake pamwamba pa zimene anasonkhanitsa, asanapemphe ena kuti apereke. Chipatalacho chinatsegulidwa mu 2007 ku Masina, dera la anthu ambiri osauka kum'mawa kwa Kinshasa, ndipo anachitcha dzina la mayi ake: Biamba Marie Mutombo Hospital.

Iye sanagwirepo mpeni wa opaleshoni m'chipatala chimenecho. Sanalembepo mankhwala. Ochita zimenezo ndi ana a eni ake, amene anakwanitsa sukulu imene iye anaisiya. Mayi woyembekezera akafika usiku ndi vuto, womulandira ndi wina. Koma pali denga, pali bedi, pali magetsi a m'chipinda cha opaleshoni, ndipo zinachokera m'mipira ija 3,289 ndi mabondo amene anaphwanyika chifukwa chonyamula thupi lalitali lija kwa zaka 18.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa ife olemba mawu a m'mawa timakonda kumata nkhani ndi shuga. Wina anganene kuti mwaona, Mulungu anatenga mayi kuti chipatala chimangidwe. Ayi, ine sindinganene zimenezo, ndipo chonde musakanene zotero pamaliro a munthu. Chipatala sichinabweze mayi. Dzina lolembedwa pa chipata silikuyankha ukaliitana. Davide nayenso anaikidwa m'manda mwala woyamba wa kachisi usanayalidwe, ndipo Baibulo silinena kuti zimenezo sizinamupweteke. Chimene ndikuona n'chakuti Mulungu, pokana, sanatche chofuna cha Davide kuti n'chopusa. Anatseka njira, koma anati zimene zinali mumtimazo zinali zabwino. Ine kwa zaka zambiri ndinkaphatikiza ziwirizi. Ndinkati popeza unamwino unakanika, ndiye kuti ngakhale mtima wofuna kusamalira odwala unali maloto a mwana, ndiutaye. Ndipo ndinautayadi. Mnzanga akagonekedwa m'chipatala ndinkapeza chifukwa chosapitira, chifukwa fungo la m'wodi linkandikumbutsa zimene ndinalephera.

Ambiri a ife tikakanizidwa timachita zimenezi. Amene analephera ubusa amasiyiratu ngakhale kuphunzitsa Sande sukulu. Amene sanapatsidwe mwana safuna kuona ana a mchemwali wake. Amene anagwa pa chisankho cha komiti ya mpingo amakhala kumbuyo manja atapinda, kudikira kuti opambanawo alakwitse. Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma tikaona kuti amene akhale pamwamba pa dengalo si ife, phewa timalichotsa.

Mutombo sanali mngelo, ndipo sindikumuika pa guwa. Anali munthu wa m'bwalo, wodziwika ndi zigongono zimene zinathyola mphuno za anzake angapo. Ndalama zake ife tilibe, kutalika kwake tilibe. Koma Davide sanasonkhanitse golide yekha. Pa mndandanda uja pali miyala, pali matabwa, pali chitsulo, ndipo zitseko za kachisi zikanagwa popanda kanthu kamene ine ndimagulitsa pa kilo.

Miyezi ingapo yapitayo kwathu kuno anthu a m'dera anagwirizana zomanga kanyumba kodikirira amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala chaching'ono, kuti asamagone pakhonde. Anafika kusitolo ndi kapepala ka zofunika, ndalama zili zoperewera. Ndinawonjezera makilo awiri a misomali ya malata pa malipiro anga. Si nkhani yoti n'kuimbira nthungululu, ndipo ndachita manyazi kuilemba. Koma Loweruka lina ndinapita kukaona, ndinapeza mmisiri ali pa denga akukhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinaima pabwalo la chipatala popanda mtima kundilasa. Namwino wina anatuluka, tinapatsana moni, iye n'kubwerera kwa odwala ake.

Mutombo anamwalira pa 30 September 2024 ku Atlanta, ndi khansa ya mu ubongo, ali ndi zaka 58. Womanga chipatala nayenso anadzagona pa bedi la odwala, akusamalidwa ndi manja a anthu ena. Ku Masina m'mawa uno zipata zatsegulidwa, ndipo pali mzere.

Tipemphere.

Atate, tikubweretsa kwa Inu amene agona pa benchi ya chipatala usiku wathawu kudikirira m'bale wawo, ndi anamwino amene akumaliza ntchito ya usiku miyendo itatupa. Tikubweretsa mwana amene zotsatira zake za mayeso sizinakwane, ndi kholo limene likusowa chomuuza. Tikubweretsa amene anafika mochedwa, ndipo mpaka lero akudzifunsa. Kumbukirani anthu a ku Congo, kumene mfuti sizinatonthole. Ndipo ife amene tikupita kukatsegula masitolo, kukakhoma malata, kukayeza pa sikelo, mutiperekeze. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.