Usanapite nacho kosindikiza, chikutocho kachionetse kaye kwa anthu

Eee mphwanga, uthenga wako uja woti ukujambulira woyimba wina chikuto cha chimbale ndipo ukufuna kupita nacho kosindikiza, ndaumva. Tamvera bwino tsono. Usathamangire kosindikiza ayi. Yamba wapanga zikuto ziwiri kapena zitatu zosiyana ndithu, osati chimodzimodzicho n'kungosintha zilembo. Ukatero uzisindikize papepala wamba, kukula kwake kwenikweni. Cha CD ndi masentimita 12 mbali zonse. Chimbale chachikulu chija cha mainchesi 12, chikuto chake chimapitirira pang'ono masentimita 31. China uchichepetse pafoni mpaka chifanane ndi chikhadabo cha chala chachikulu, poti ambiri adzachionera pa Spotify kapena pa WhatsApp chili kakang'ono choncho.

Ndiye ukaonetse ndani? Anzako a m'kalasi okha sakwanira, iwowo amayang'ana ndi maso a ojambula. Pita kwa eni ake nyimbozo, anthu omvera. Ngati ndi za uzimu, kapeze amayi akwaya akamaweruka. Ngati ndi za achinyamata, pita kwa anyamata okopera nyimbo pamsika aja.

Apa ndiye pagona nkhani. Usafunse kuti "Chakongola?" Anthu akwathu ndi aulemu, angokuuza kuti "Chili bwino kwambiri" kuopa kukukhumudwitsa, iwe n'kubwerako chimanjamanja. M'malo mwake muonetse munthuyo kamphindi kochepa, utembenuze pepalalo, kenako umufunse kuti woyimbayo dzina lake ndani, ndipo akuganiza kuti mkatimo muli nyimbo zamtundu wanji. Akalephera dzina, zilembo zako zavuta. Akati ndi za maliro pamene ndi zovina, mitundu yako yanama. Akamayankha usamudule, usayambenso kufotokoza zomwe umatanthauza, chifukwa m'sitolo iwe sudzakhalapo kuti uzifotokozera aliyense. Ungolemba m'kope mawu ake momwe wawanenera.

Izitu si zocheza. Mu 1966, kampani ya Capitol Records ku America inasindikiza chikuto cha chimbale cha gulu loyimba la The Beatles chotchedwa Yesterday and Today. Pachithunzipo, chomwe anajambula Robert Whitaker, anyamatawo anavala makhoti oyera a m'butchala, atanyamula nthuli za nyama yaiwisi ndi zidole zothothoka mitu. Makope oyamba atafika kwa oulutsa mawu ndi eni masitolo, anthu ananyansidwa nacho. Kampani inaitanitsa zimbalezo, ndipo pa zikuto zambiri inachita kumata chithunzi china pamwamba. Maganizo a anthu anafika ndithu, koma anafika makina atagwira kale ntchito, ndalama zitapita.

Komanso usatengeke ndi aliyense. Wina akati "Ine zofiira sindizikonda", ndi mtima wake umenewo, usiye. Koma anthu angapo osadziwana akakhumudwa pamalo amodzi, pamenepo konza. Ukatenge kope lija ukakhale pansi ndi woyimbayo, pakuti chimbale n'chake, muonere limodzi zoyenera kusintha.

Mukagwirizana, fayilo ya kosindikiza uisunge mu CMYK (mitundu inayi ya inki ya makina osindikizira), 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), ndipo usiye mamilimita 3 opitirira m'mphepete kuti podula asadye chithunzi. Ya pa intaneti ikhale RGB (mitundu ya pasikirini), mapikiselo (timadontho ta chithunzi pasikirini) 3000 mbali zonse. Uwapemphe osindikiza akutulutsire kope limodzi loyesera, uone ngati mitundu yatuluka bwino. Ukalilandira ulijambule unditumizire ndisanagone.