Mtima Wodumpha Poona Utawaleza

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Genesis 9:13-16, pomwe Mulungu akuika uta wake m'mitambo chigumula chitatha. Koma ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono, ku Grasmere, kamudzi ka pakati pa mapiri ndi nyanja kumpoto kwa England.

Kumeneko, usiku wa pa 26 Marichi 1802, mlakatuli William Wordsworth analemba kandakatulo ka mizere 9 yokha, kotchedwa My Heart Leaps Up. Tsikuli tikulidziwa chifukwa mlongo wake Dorothy analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti iye akukagona, William anali kulemba za utawaleza. Mfundo yake ndi yapafupi. Akuti mtima wake umadumpha akaona utawaleza kumwamba. Zinali choncho ali kamwana, zili choncho tsopano atakula, ndipo akupempha kuti zidzakhalebe choncho akadzakalamba, apo ayi bola afe.

Bola afe! Mawu amenewa ndimawabwereza kawirikawiri. Munthu wa zaka 31 sakuopa umphawi kapena matenda, akuopa tsiku lomwe adzayang'ane kumwamba mtima wake n'kukhala zii.

Kenako pakubwera mzere womwe anthu ambiri amaukumbukira, wonena kuti mwana ndiye bambo wa munthu wamkulu. Poyamba zimamveka ngati wasokoneza. Koma taganizani: zomwe tinaona ndi kumva tili ana ndizo zinatiumba ife akuluakulufe. Ndipo ubwana wa Wordsworth sunali wa mtendere wokhawokha. Mayi ake anamwalira mu 1778 iye ali ndi zaka 7, bambo ake n'kutsatira mu 1783. Mwana wamasiye ameneyu anakulira kusukulu ya ku Hawkshead, akuyendayenda m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo ankati chilengedwe chinamulera.

Ine ndikawerenga, ndimabwerera kudambo komwe tinkadyetsa mbuzi. Mvula yangokata kumene, malaya anyowa, dothi likununkhira, ngumbi zayamba kutuluka pachulu. Mnzathu wina akukuwa kuti "Taonani uko!" Tonse tinkaima, mbuzi n'kulowa m'munda mwa eni ife tili kukamwa yasa. Nanga ndi liti pamene ndinaimanso chonchi? Mvula ikakata masiku ano, chomwe ndimaona ndi matope a pamsewu ndi nthawi yomwe yanditayikira.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi ichi. M'mawa mwake, pa 27 Marichi, mlakatuli yemweyo anayamba ndakatulo ina yaitali, Ode: Intimations of Immortality, yomwe anadzaimaliza mu 1804. M'menemo akuvomera kuti utawaleza ukubwerabe ndi kupita, maluwa akukongolabe, koma ulemerero wina wachoka padziko, ndipo zomwe ankaona kale sakuzionanso. Dzulo lake mtima unadumpha, lero akudandaula. Sindikumuona ngati wabodza. Ndi mmene tilili tonsefe: Lamlungu tinayimba mpaka misozi, Lachiwiri pemphero likukanika kutuluka.

Tsopano tibwerere ku Genesis. Werengani vesi 16 mofatsa muone yemwe akulonjeza kuyang'ana utawo. Mulungu sanamuuze Nowa kuti uziyang'ana kuti usaiwale. Akuti Iye mwini adzauyang'ana ndi kukumbukira pangano lake ndi zamoyo zonse. Kumapeto kwa kandakatulo kaja, Wordsworth anafuna kuti masiku ake alumikizane ndi ulusi wa mtima wake womwe, ndipo pofika m'mawa anali ataona kuti ulusiwo ndi wosalimba. Pangano la pa Genesis lakhazikika pa kukumbukira kwa Mulungu, amene saodzera. Makolo athu anatchula bwino pamene anati utawaleza, uta wa Leza. Mwini wake ndi Iye.

Tipemphere. Atate, alipo ena mwa ife amene adzuka lero mtima uli gwaa, osamva kanthu ngakhale mbalame zikulira panja. Tibwezereni maso a kamwana kaja kanaima padambo. Ndipo ngati lero sitikweza mutu n'komwe, Inu yang'anani uta wanu, mutikumbukire. M'dzina la Yesu, Ameni.