Khansa ya limfoma ikabwereranso: zoyenera kuchita musanalowe m'kafukufuku

Omvera athu, lero ndikulankhula ndi inu amene munalandira chithandizo cha khansa ya limfoma (khansa ya maselo oteteza thupi imene imatupitsa mwanabele) yofalikira msanga, makamaka ya mtundu umene madokotala amautcha DLBCL, koma matendawo abwereranso, pamodzi ndi inu amene mukudwazika odwala otere. Mankhwala oyamba a khansayi, omwe ndi ophatikiza angapo otchedwa R-CHOP, amachiritsa pafupifupi odwala 6 mwa 10 alionse, ndipo otsalawo ndi amene ofufuza akuwafunira njira zina.

Musanayambe chithandizo chatsopano, pemphani kuti madokotala adule kachidutswa ka chotupacho n'kukapima, pakuti mwanabele amatha kutupa pa zifukwa zinanso. Yezetsaninso HIV ndi hepatitis B, chifukwa mankhwala a limfoma otchedwa rituximab amatha kudzutsa kachilombo ka m'chiwindi ka hepatitis B kamene kanangogona.

Kenaka werengani miyezi imene inadutsa chimalizireni mankhwala oyamba kufikira pamene matenda anabwerera, poti nkhani yagona pamenepo. Kuyambira mu 1995, pamene zotsatira za kafukufuku wa PARMA zinatuluka, njira yodalirika inali kupereka mankhwala amphamvu kwambiri, kenaka n'kubwezera m'thupi maselo opanga magazi a wodwala yemweyo. Koma kafukufuku wa ZUMA-7 ndi wa TRANSFORM anasonyeza kuti kwa amene matenda awabwerera miyezi 12 isanathe, chithandizo cha CAR-T chimaposa njira yakaleyo. Pa chithandizochi, maselo oteteza thupi amatengedwa m'magazi a wodwala, amasinthidwa ku labotale kuti azizindikira khansa, ndipo amabwezedwanso. Kafukufuku wina wofanana nawo, wa BELINDA, sanapeze phindu lotere, n'chifukwa chake ndimakuchondererani kuti musatenge kafukufuku aliyense ngati lonjezo la kuchira.

Mukaitanidwa kuti mutenge nawo mbali m'kafukufuku woyesa mankhwala, funsani kuti kafukufukuyo ali pa gawo liti, chifukwa gawo loyamba limayesa mlingo ndi kuopsa kwa mankhwala, pamene lachitatu limawayerekeza ndi chithandizo chodziwika kale. Funsaninso ngati adzagwiritsa ntchito maere posankha amene alandire mankhwala atsopano ndi amene alandire chithandizo chodziwika kale. Chikalata cha chilolezo musasaine musanachimvetse, ndipo dziwani kuti muli ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse popanda kumanidwa chisamaliro.

Inu odwazika, mvetserani bwino apa. Wodwala akalandira CAR-T, kapena mankhwala atsopano monga glofitamab ndi epcoritamab, chitetezo cha m'thupi chimatha kugwira ntchito mopyola muyeso. Mukaona kuti thupi latentha kufika madigiri 38, akubanika popuma, akuchita chizungulire, kapena akusokonezeka polankhula ndi polemba, musadikire kuti kuche. Imbirani madokotala a kafukufukuyo nthawi yomweyo, ndipo pitani naye kuchipatala mutanyamula mapepala ake onse.