Bokosi la maganizo kuntchito kwanu linafa liti?

Muli bwanji nonse, a kuno ku Chipata ndi amene mukuonera muli kutali. Taonani ichi. [Akweza kabokosi ka thabwa kokhala ndi loko.] Mumakadziwa. Kamapachikidwa pafupi ndi khomo la ofesi, pamwamba atalembapo kuti ponyani maganizo anu muno.

Zoyambira ndizikamba mothamanga. Cholinga n'chakuti wantchito aliyense, wosesa, dalaivala, mlonda, anene chimene chikuvuta pamene iye amagwira, ndiponso mmene angachikonzere. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Si zatsopano ayi. Kampani yopanga zombo ya William Denny ku Dumbarton, ku Scotland, inayamba zimenezi mu 1880. Ku Kodak, kampani ya makamera ya ku America, mu 1898, wantchito wina dzina lake William Connors anapatsidwa madola 2 chifukwa chonena kuti mawindo azitsukidwa. Mawindo basi!

Tsopano bodza limene limandiwawa. Abwana ena amati: "Ife bokosi tinaika, koma antchito athu alibe nzeru, salembamo kanthu." Iyayi abwana, pepani, si choncho.

Ine ndinagwirapo ntchito pa depoti ina yogula nshawa, dzina sinditchula. Bokosi linalipo, lopentedwa bwino. Kiyi wake anapita ndi kalaliki wina amene anasiya ntchito. Tsiku limene tinathyola loko tinapezamo chisa cha mavu ndi timapepala titatu. Kamodzi kanali ka amayi ena osankha nshawa. Analemba kuti sikelo isunthidwe, ikhale pafupi ndi khomo, chifukwa anyamata amasenza thumba la makilo 50 kudutsa nalo shedi yonse, kulipima, n'kubwerera nalonso komwe achoka. Kapepalako kanali katachita chikasu. Nyengo yonse yogula inatha anyamata akuthyoka misana, nzeru ili m'bokosi ndi mavu. Ndiye mundiuze, wopanda nzeru apa ndani?

Munthu akalemba kamodzi osayankhidwa, salembanso. Amauzanso anzake pa nsima ya masana kuti musadzivute. Bokosi limafa choncho.

Onani a Toyota. Eiji Toyoda, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyi, anakaona fakitale ya Ford ku America mu 1950, anapeza dongosolo la maganizo a antchito, ndipo mu 1951 analiyambitsa kwawo ku Japan. Mpaka lero likuyenda. Maganizo ambiri kumeneko ndi ang'onoang'ono, ngati kusintha poika sipanala kuti munthu asamawerame, koma amawerengedwa, amayankhidwa, ambiri amachitidwa. Ndiyo kaizen imene mumamva ija, kukonza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu kuli Kaizen Institute of Zambia, imene a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, anathandiza kuti ikhalepo.

Musanathawe, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Ambiri mumaonera mwakachetechete ngati alendo pamaliro, ndikukuonani.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, yankhani. Sankhani tsiku, tinene Lachisanu lililonse, bokosi litsegulidwe pamaso pa anthu. Ganizo lililonse lilandire yankho, ngakhale lokana, koma munene chifukwa. "Ndalama palibe mwezi uno, tidzaonanso tikagulitsa" ndi yankho. Kukhala chete si yankho. Ndipo bokosi lenilenilo silofunika kwenikweni. Gulu la WhatsApp likwana, kapena mphindi 10 m'mawa ntchito isanayambe, makamaka chifukwa ena kulemba kumawavuta koma pakamwa ali bwino. Aloleni alankhule m'chinenero chawo, osati kuumiriza Chingelezi cha mu ofesi.

Chachiwiri, kapitawo apatsidwe mphamvu yovomera tinthu ting'onoting'ono pompo. Kusuntha sikelo sikufuna msonkhano wa ku Lusaka.

Chachitatu, mphoto. Ikhale yochepa koma yosachedwa, ndipo mutchule mwini ganizo pagulu. Kapitawo akaba ganizo la mnzake n'kupita nalo kwa abwana ngati lake, mwapha zonse tsiku lomwelo.

Chachinayi, madandaulo a malipiro akhale ndi njira yawoyawo, apo ayi adzadzaza bokosi.

Lembani m'munsimu ganizo limene munapereka kuntchito n'kusowa yankho, koma dzina la kampani musatchule, sindifuna milandu. Sabata yamawa tikamba za kasungidwe ka stoko m'mashopu ang'onoang'ono ngati a ku Kapata. Sikelo ija, mwa njira, tinaisuntha tsiku lomwe tinathyola loko lija, anthu awiri, tiyi asanazizire.