Nyali za m'chifunga: moto uchokere ku batire, udutse pa fyuzi

Zikomo a tcheyamani, zikomo akuluakulu a pa siteji, ndi inu nonse achimwene amene mwasiya makasitomala kuti tikhale pansi pano. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa zina ndizikuonetsani m'manja, ndipo njinga yamoto ili apayi tiigwira tikatha kulankhula.

June wayandikira, ndipo nonse mukudziwa zimene Chiperoni amachita kuno ku Zomba. Kamphepo kaja kochokera cha ku Mozambique kakagunda phiri lathuli, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, mtambo umatsika mpaka kukhala pa msewu. Amene mumakweza anthu ku Chawe m'mamawa mukudziwa. Ukukhota pakona, kutsogolo kuli mbuu, mwadzidzidzi mayi wosenza mtolo wa nkhuni ali pamphuno pako. Ngakhale kumunsi kuno, njira ya ku Domasi ndi Malosa, kapena ya ku Thondwe mpaka Namadzi, masiku ena m'bandakucha suona bwino munthu wa njinga yakapalasa amene wasenza matumba a makala.

Ambiri zikatero mumayatsa fulu, nyali yaikulu yoonera kutali ija, ndipo m'pamene zimaipiratu. Chifunga ndi timadontho ta madzi tambirimbiri toyandama mumpweya. Nyali yakutsogolo ili m'mwamba, kufupi ndi maso anu, ndiye kuwala kukamenya timadonthoto kumabwerera kwa inu nomwe, mumangoona ngati khoma lopaka laimu. Nyali ya m'chifunga imakhala m'munsi, imawala motambalala, kuyang'ana pansi. Imakuonetsani phula la pafupi, mzere wa m'mbali, ngalande, phazi la munthu. Imathandizanso kuti wa minibasi akuoneni msanga. Siiboola chifunga n'kukuonetsani kutali ayi, ndipo amene angakugulitseni nyali ponena kuti mudzathamanga nayo m'chifunga ngati masana, ameneyo wakunamizani.

Koma chimene ndabwerera kuno si nyaliyo kwenikweni. Nyali mugula nokha, zadzaza m'mashopu. Ine chikundidetsa nkhawa ndi mawaya.

Chaka chatha, nthawi ngati yomwe ino, mnyamata wina anafika pa malo anga ogwirira ntchito akukankha njinga. Asanalankhule n'komwe ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Titachotsa mpando ndi thanki tinapeza mawaya onse a pansi pa thanki asungunuka n'kugwirana ngati phula. Anali atagula nyali ziwiri zokongola ndithu, zachikasu. Wina anamusendera waya wa nyali yakutsogolo ndi lezala, n'kupiringiza waya watsopano pamenepo, n'kukulunga ndi kajumbo m'malo mwa tepi. Waya uja anamudutsitsa pakati pa thanki ndi fulemu, ndiye mabampu a njira ya ku Chingale anamupekesa mpaka khungu linatha. Fyuzi ya njinga inayamba kupsa, kawiri, katatu. Iye atatopa anatenga timawaya n'kumanga pamalo pa fyuzi paja. Tsiku limenelo panalibenso choti chiduke, ndiye anapsa ndi mawayawo. Paipi ya petulo inali pafupi ngati apa ndi apa, itayamba kale kufewa, ndipo kumbuyo anali atanyamula mayi ndi mwana. Njinga inali ya abwana, ya ndalama ya tsiku ndi tsiku. Anakhala pansi masabata awiri. Chikomekome cha nkuyu, achimwene, m'kati muli nyerere.

Tsono tiyambe ndi masamu pang'ono, musaope, ndi ochepa. Njinga zathuzi, kaya Lifo, King Lion, kaya Boxer, zimayendera mavolti 12. Mukafuna kudziwa moto umene nyali ikukoka, tengani mawati ake mugawe ndi 12. Nyali ziwiri za LED za mawati 10 iliyonse ndi mawati 20, kugawa ndi 12, sizikufika n'komwe ma ampu 2. Njinga ya 125 kapena 150 imeneyo ikhoza kupirira. Koma mababu aja a galimoto a mawati 55, awiri ndi mawati 110, ma ampu 9. Babu la kutsogolo la njinga zambirizi ndi la mawati 35 okha, ndiye taganizani, mwaisenzetsa katundu woposa mababu atatu otero. Makoyilo a m'injini sangapange moto wochuluka choncho. Wotsalawo uzichoka m'batire, ndipo kabatire kathu ndi kakang'ono. Sabata isanathe sitata yasiya, hutala ikulira ngati mwana wa mbuzi, mwabwerera ku kiki. Za magalimoto zisiyireni magalimoto.

Njira yodziwira ngati njinga yanu ikwanitsa ndi mita iyi, yoyezera mavolti. Ikani pa batire injini ili chete. Batire labwino lionetsa cha m'ma 12.6. Lizani injini, onjezerani moto pang'ono ngati mukuyenda, ikwere ifike pakati pa 13.5 ndi 14.5. Mukadzamanga nyali zija, yatsani zonse muonenso. Ikamatsika pansi pa 13 injini ikuthamanga, dziwani kuti mukudya mbewu, batire silikulandira kanthu. Ngati mulibe mita, sonkhani pa siteji pano mugule imodzi, izikhala kwa a tcheyamani.

Chifukwa china chimene ndimakanira kutapa moto pa waya wa nyali yakutsogolo ndi ichi. Pa njinga zambiri zazing'ono, nyali imeneyo simwa ku batire. Imamwa mwachindunji ku makoyilo, moto wa AC, n'chifukwa chake imayaka pokhapokha injini ikulira, ndipo mukaonjezera moto imawala kwambiri, mukachepetsa imafooka. LED imafuna moto wa DC, wokhazikika, wa ku batire. Mukaipatsa wa ku makoyilo imaphethira, ndipo siikhalitsa. Mumabwerera ku shopu kukakangana kuti anakugulitsani yabodza, pamene vuto ndi pomwe mwatapa moto.

Ndiye moto uchokere ku batire. Musanagwire chilichonse, masulani waya wa negativu pa batire, ndipo ndi womaliza kubwezera mukamaliza. Sipanala ikakhudza pozitivu ndi fulemu nthawi imodzi negativu ali pomwepo, mudzaona moto weniweni.

Kuchoka pa pozitivu, chinthu choyamba ndi fyuzi. Choyamba, osati chachiwiri. Ikhale pafupi ndi batire, mtunda wosaposa chikhatho changachi. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza nyali, choncho amakaiika kutsogolo pafupi ndi nyaliyo. Fyuzi imateteza waya. Waya yense amene ali pakati pa batire ndi fyuzi alibe mlonda, akakhudza chitsulo palibe chomuletsa kupsa. Mukaika fyuzi kutsogolo, ndiye kuti waya wosatetezeka uja ndi amene wadutsa pansi pa thanki ya petulo, pakati pa miyendo yanu. Pa nyali ziwiri za mawati 10, fyuzi ya ma ampu 5 yakwana. Musaike ya 20 kapena 30 poti ndi imene ilipo, chifukwa waya wanu akhoza kupsa iyo isanamve kanthu. Nambala yalembedwa pamsana pake, ndipo zopyapyalazi zili ndi mitundu: yofiira ndi 10, yabuluu ndi 15, yachikasu ndi 20. Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti penapake waya wasendeka. Funani pamenepo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kuli ngati kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba.

Chachiwiri ndi kabokosi aka, relay. Kayendetseni, aliyense akagwire. Tembenuzani muone kunsi, kali ndi miyendo 4, ndipo mwendo uliwonse uli ndi nambala: 30, 87, 85, 86. Kena mudzakapeza ndi mwendo wachisanu pakati, 87a, umenewo usiyeni. Mwendo 30 ulandira waya wochokera ku fyuzi. Mwendo 87 upita ku nyali zanu ziwiri. Imeneyo ndiyo njira ya moto waukulu. Miyendo 85 ndi 86 ndi ya kakoyilo kam'kati kamene kamakoka chitseko. 85 ipite ku negativu. 86 ipite ku swichi yanu ya pa handulo, ndipo swichiyo itape moto pa waya amene amakhala ndi moto pokhapokha kiyi ali ON. Mukadina swichi mudzamva kakuti "tche", ndiye kuti chitseko chatsekeka, 30 ndi 87 zagwirana, nyali zayaka. Swichi ndi loko ya kiyi zangonyamula kamoto kochepa kokokera chitsekocho, katundu yense wadutsa mu relay.

Eya achimwene, funsani.

Akufunsa kuti, popeza nyali za LED sizikoka moto wambiri, relay n'njofunikadi? Funso labwino, ndipo ndiyankha moona. Pa mawati 20, swichi yabwino ikhoza kunyamula yokha, sindikana. Koma mukangolumikiza batire, fyuzi, swichi, nyali, popanda kudutsa ku kiyi, tsiku lina mudzaimika njinga pa Mpondabwino masana dzuwa lili ngwee, osaona kuti nyali zikuyaka, kapena mwana adzadina swichi njinga ili pakhonde. Pobwera batire lagona. Mukati mutape moto wonse ku waya wa kiyi, ndiye mwasenzetsa loko ndi timawaya take topyapyala katundu amene sanapangidwire. Relay imathetsa zonse ziwiri, ndipo mtengo wake sufika wa batire latsopano ngakhale pang'ono. Ine njinga ya m'manja mwanga siichoka popanda relay.

Waya wa kiyiyo mumupeza bwanji? Apa samalani ndi mitundu. Pa Honda ndi njinga zambiri za ku China zotengera Honda, wobiriwira ndi negativu, wofiira ndi wa ku batire, wakuda ndi wa kiyi. Koma pa Yamaha wakuda ndiye negativu, wa kiyi ndi wa bulawuni. Mwaona? Wakuda yemweyo, kwina ndi moto, kwina ndi negativu. Kuonjezera apo njinga zathu zadutsa m'manja ambiri, mawaya ena anasinthidwa kalekale. Musakhulupirire mtundu, yesani ndi mita kapena kababu koyesera. Kiyi OFF pasakhale kanthu, kiyi ON pakhale 12, injini isanalire. Ameneyo ndiye wanu.

Waya wogula akhale wa galimoto, wa timawaya tambiri m'kati, wa 1 kapena 1.5 mm. Wa m'nyumba wa chitsulo chimodzi uja amathyoka ndi kunjenjemera, wa wailesi ndi wowonda kwambiri. Negativu wa nyali musangomumanga pa foloko kapena pa bawuti ya kutsogolo, chifukwa moto wobwerera udzayenera kudutsa m'maberingi a khosi la njinga, momwe muli girisi, ndipo nyali zizidzaphethira mukamakhota. Kokani waya wake abwerere ku batire, kapena pa bawuti ya fulemu yomwe mwapala penti ndi dzimbiri.

Podutsitsa waya tsatani momwe mawaya a njinga adutsa kale, mumumangirire pamenepo. Atalikire ekizozi ndi mutu wa injini. Pa khosi musiyireni mpata, kenako pindani handulo mpaka kumapeto kumanzere, mpaka kumapeto kumanja, muone ngati akukokeka kapena kupanika. Polumikiza, wotchererani ndi mtovu kapena gwiritsani timapini tofinya, mukulunge bwino. Kupiringiza ndi zala kumagwira mwezi umodzi, chinyezi cha Chiperoni chikalowa mkuwa umabiriwira, pamenepo pamayamba kutentha. Relay muimangirire pansi pa mpando miyendo itayang'ana pansi, kuti madzi asakhalemo mukamatsuka njinga.

Nyali zenizenizo zimangeni m'munsi, pa chitsulo choteteza miyendo chija, iyi uku iyi uku. Zoyera kapena zachikasu, zonse zili bwino, ine ndimakonda zachikasu poti sizitopetsa maso m'chifunga. Zabuluu ndi zofiira zothwanima zija ayi. Kuthwanima kotero n'kwa apolisi ndi ambulansi, ndipo chofiira pa msewu chimatanthauza kumbuyo kwa galimoto. Mukachiika kutsogolo, wobwera adzayesa mukupita pamene mukubwera.

Kulozetsa kwake chitani madzulo. Imikani njinga pamalo osalala, masitepe 5 aakulu kuchoka pa khoma. Yezani kutalika kwa nyali kuchoka pansi, mulembe mzere pa khomapo ndi khala. Khalani pa njinga, mnzanu akhale kumbuyo ngati kasitomala, chifukwa kumbuyo kukalemera mphuno imadzuka. Kuwala kuthere pansi pa mzere uja, pafupifupi chikhatho chimodzi. Ya kumanzere mukhoza kuipotozera kunja pang'ono, popeza timayenda kumanzere ndipo oyenda pansi ali mbali imeneyo. Ya kumanja isayang'ane kwa obwera. Izi ndikunena ndi mtima wonse, chifukwa usiku pa msewu wa ku Jali ndakumanapo ndi ena a inu, nyali zili m'mwamba ngati mukusaka kadzidzi. Dalaivala wa lole amene mwamuthobwa m'maso saona komwe muli, ndipo lole ndi njinga zikakumana amene amanyamulidwa ndi inu ndi kasitomala wanu. Chifunga chikatha, kapena mukalowa m'tauni, zimitsani.

Tiyeni tsopano ku njingayi. Mwini wake ndani? Bwerani achimwene, chotsani mpando. Wina andipatse sipanala ya 10, ndipo inu mwafunsa za relay, gwirani mita, muyamba ndinu kufuna waya wa kiyi.